Mutu wa Nkhosa Unagona pa Bedi

Basi inamutsitsa Tegan pafupi ndi nkhokwe za tirigu kutada kale. Dalaivala sanazimitse n'komwe injini. Chikwama pansi, chitseko phwaa, ulendo.

Tegan anatsala yekha. Msewu umodzi. Sitolo yotseka. Mphepo yozizira yochokera m'minda. Ndiye fungo. Fungo lowawasa, lolemera, ngati la malaya onyowa oiwalika m'thumba. Anayang'ana pansi. Msewu unkayenda. Anaphethira n'kuyang'ananso. Zinali mbewa, piringupiringu, zikudutsa pansi pa nyali ngati madzi osefukira.

Pikiapu ya nyali imodzi inatulukira kuseri kwa nkhokwe. Mayi wina wojintcha anasuzumira pawindo.

"Ndiwe Tegan? Kwera msanga, mwanawe, zisanakulowe m'buluku."

Anakwera. Mpando unali wokutidwa ndi chikopa cha nkhosa, chakale koma chofunda. Mayi aja anamupatsa tizingwe.

"Manga m'miyendomo. Muno mu Yandarrie tonse timamanga. Ine ndine Raelene, ndimagulitsa tiyi ndi masoseji kubwalo la mpira. Abambo ako anakuuzapo za ine?"

"Ayi."

"Ndimadziwa. Munthu ameneyo mawu timachita kuwazula ndi pulayala. Sanabwere kudzakuchingamira chifukwa akulondera."

"Akulondera chiyani?"

"Mutu. Nanga n'chiyaninso?"

Tegan anayang'ana kunja. Bondo lake linayamba kugwedera, monga limachitira akakhala pamalo amodzi. Kuno anali asanafikeko. Bambo ake, a Merv, anachoka ku Adelaide iye ali ku sekondale, kudzayendetsa magalimoto a tirigu. Chichokereni ankangoonana pa Khirisimasi, m'lesitilanti, aliyense maso pambale yake. Iye nayenso sanali wokhazikika. Melbourne, Hobart, Darwin. Kulikonse kumene kuli zisudzo zofuna zigoba ndi zinyama za makatoni, iye ali komweko, ndipo nyumba ankaisiya makatani asanapachike.

Mwezi wathawu foni inalira. A Merv. "Mbewa zadya mutu," anatero. Tegan anaseka mpaka kutsamwa. Bambo ake sanaseke. Unali mutu wa Nkhosa, chinyama cha timu ya mpira ya Yandarrie, chimene chimathamanga kuzungulira bwalo masewero asanayambe, ana ali pambuyo. Anthu akale anaupanga ndi manyuzipepala ndi phala la ufa wa tirigu. Mbewa zinaupeza m'kabati. Zinasiya maso okha, poti anali mabatani. Ndipo Loweruka linali tsiku lomaliza. Anyamata anatha m'tauni, timu ikumezedwa ndi ya ku Coolbara, ndipo chaka cha mawa chinyama chidzakhala kabawi. Nkhosa inayenera kuthamanga komaliza, pabwalo la ku Coolbara komweko.

Aka kanali koyamba a Merv kumupempha kanthu. Tegan anawauza ayeze mutu wawo ndi chingwe. Anajambula zidutswa zonse pakompyuta n'kuwatumizira. Iwo asindikize pa pulinta yawo, amate mapepalawo pa makatoni, adule, alumikize. Iye adzangobwera kudzaika maso ndi penti. Usiku umodzi. Tikiti yobwerera inali kale m'thumba.

"Chinthu chimodzi," anatero a Raelene akuima pageti. "Muno palibe amene amadziwa munthu amene amakhala m'kati mwa Nkhosa."

"Si adadi?"

"Sitidziwa."

"Koma ndi amene..."

"Ndati sitidziwa, mwanawe. Nkhosa ndi Nkhosa. Ngakhale ana amadziwa kuti sitidziwa."

M'nyumba munali ndowa paliponse. Pamwamba pa ndowa iliyonse panali botolo lopakidwa chiponde kukamwa, loti mbewa ikakwera iterereke n'kugwera m'madzi. Miyendo ya bedi inaima m'ndowa. Buledi anali m'firiji. Shuga m'firiji. Nsapato zabwino m'firiji.

A Merv anali pampando pakati pa khitchini, tsache m'manja. Anali atachepa, kupatula mimba. Anaimirira, n'kusowa chochita ndi tsache lija.

"Wafika."

"Ndafika, adadi."

"Basi inachedwa."

"Inachedwa."

Nkhani inathera pomwepo. Onse anatembenukira kutebulo.

Mutu unali pamenepo, pamwamba pa poto wamkulu wovundikira. Tegan anauzungulira. Anayembekezera zinthu zokhotakhota, guluu ali chuchuchu. Ayi. Mphuno inali yowongoka. Nyanga zinapindika bwinobwino, kachidutswa ndi kachidutswa, ngati nkhono. Makatoni anali a mowa, zilembo zikuoneka mozondoka patsaya, koma mizere yonse inakumana. Munthu anakhalira pansi ntchito imeneyi.

"Mwachita nokha?"

"Nkhosa inandipempha ndiithandize," anatero a Merv. "Mutu wake ndi wofanana ndi wanga. Zinangochitika."

"Sagona munthuyu," anatero a Raelene akutereka ketulo. "Sabata yonse. Magalasi pamphuno, lilime panja."

Tegan anaika dzanja pamphumi pa Nkhosa. Kenako anatambasula zala, kuyeza kukula kwake. Anabwereza. China chake sichinali bwino. Anayang'ana bambo ake. Pamwamba pa khutu lililonse panali pulasitala.

"Adadi, makutuwo mwatani?"

"Lumo. Pometa."

"Mumameta makutu?"

A Raelene anaseka kukhosi. A Merv anayang'ana tsache.

"Tauvalani ndione."

"Penti kaye."

"Tauvalani."

Anauvala. Unatsika pang'ono, n'kufika pa makutu, gwa. Unakhala pamenepo ngati chipewa. Mphuno ya Nkhosa inaloza kudenga, chibwano cha a Merv chili pamtunda. Anaukanikiza ndi manja awiri. Makatoni analira. Pulasitala mmodzi anamatuka.

"Basi, basi! Muuphwanya!"

Anauvula. Khutu linali psuu.

"Munadziwa liti?"

"Lachitatu."

"Osandiimbira?"

"Ndimati mwina ukapaka penti ufutukuka."

Tegan anagwira m'chiuno. Anayenda mpaka pakhomo, n'kubwerera. Mbewa inadutsa pa nsapato yake, sanaione n'komwe.

"Patsamba loyamba panali kabokosi. Pakona. Ndinalemba kuti muikepo khadi la ku banki, likwane ndendende musanadule chilichonse. Kabokosi kaja kali kuti?"

"Sikanali mbali ya mutu."

"Ndiye?"

"Ndinakadula n'kukataya."

"Adadi!"

"Pulinta inandifunsa ngati ndikufuna zonse zikwane papepala. Ndinati eya. Nanga ndikanati ayi? Ndani safuna kuti zinthu zikwane?"

Ndiye zinali choncho. Pulinta inachepetsa tsamba lililonse pang'ono, pang'ono zedi, kuti m'mphepete musadukepo kanthu. Papepala limodzi sungaone. Pa mutu wonse, zala ziwiri zinasowa.

"Tisindikizenso," anatero Tegan. "Tikagwira atatu, pofika m'mawa..."

A Raelene anatsegula kabati. Pulinta inali m'menemo. Fungo linatuluka lisanaoneke china chilichonse. Waya anali wodukaduka. Pamene pamalowa mapepala panali chisa, ndi tiana tofiira tikunyanyuka.

"Inamaliza ntchito Lamlungu, Lolemba alendi analowa. Pepala nalonso anadya. Ya ku sukulu ndi chimodzimodzi. Imwa tiyi."

Tegan sanamwe. Anatenga foni, kuiyang'ana, kuibweza m'thumba. Tauni yokhala ndi sitolo ya mapulinta inali kutali, ndipo inali itatseka kalekale. Anakhala pansi. Anaimiriranso.

"Khala pansi, ukundizunguza mutu," anatero a Raelene. Ananyamula Nkhosa ija, kuiyang'ana, kumuyang'ana Tegan. "Taima. Kamutu kakoka."

Asanakane, mdima unamugwera. Mutu unatsika wonse, mpaka m'mapewa, ngati anachita kumuyeza.

M'kati munali fungo la guluu, la mowa wakale, ndi la sopo wa bambo ake. Kuwala kunkalowera kukamwa kwa Nkhosa, kumene wovala amaonera. Maso atazolowera, Tegan anaona zolemba. Kachidutswa kalikonse kanali ndi nambala yake ya pensulo, yolembedwa pang'onopang'ono, mokanikiza. Pamene dzanja linaphonya, anafufuta n'kulembanso. Anayang'ana panja kudzera m'kamwa muja. Bambo ake anali atabwerera pampando wawo, tsache pamiyendo.

"Wakukwana," anatero a Merv. Anayankhula msanga kwambiri. "Ndiye zatheka. Ungothamanga kuzungulira bwalo kamodzi, ana akukuthamangitsa, ukafika pagolo uwerame. Palibe chovuta. Nkhosa ndi Nkhosa. Palibe amene adziwe."

"Adziwa," anatero a Raelene. "Nkhosa yathu ili ndi mimba ndipo imatsimphina kumanzere."

"Tiika pilo."

"Nanga kutsimphinako? Timuthyole bondo?"

Tegan anavula mutu uja. Mawu oyamba amene anatuluka sanali abwino.

"Basi yanga ndi ya m'mawa."

A Merv anagwedeza mutu. "Zoona. Basi."

Kugwedeza kumeneko Tegan ankakudziwa. N'kumene ankachita pa Khirisimasi iliyonse iye akayang'ana wotchi. Kuvomera chilichonse. Kusapempha kachiwiri. Tegan anapsa mtima, osadziwa kuti akupsera ndani. Anatsegula chikwama chake, n'kutulutsa kampeni kodulira makatoni.

"Sindinabwere kuno kudzakhala nkhosa ine. Ndiung'amba kumbuyo, kuchokera paliwombo mpaka m'khosi. Ndiikapo chigamba."

A Merv anaimirira. Tsache linagwa.

"Usadule."

"Palibe njira ina."

"Msoko wakumbuyowo ndi umene wagwira nyanga. Ndaumanga ndekha, ndikuudziwa. Ukadula, nyanga zikokera uku ndi uku, mutu ukanganuka ngati dzungu. Tikhala opanda kalikonse. Bola waung'ono koma wamoyo. Auvale wina. Mwana wa Kev ali ndi kamutu ngati ndimu."

"Mwana wa Kev amasuta kuseri kwa zimbudzi," anatero a Raelene. "Akhale Nkhosa yomaliza ameneyo?"

Tegan anayang'ana msoko uja. Bambo ake ankanena zoona. Iye ndiye anajambula nyangazo, zikuluzikulu, zonyadira, ali m'chipinda chofunda ku Melbourne. Kulemera kwake konse kunali pa msoko umenewo. Mpeni anausinthira dzanja lina, n'kupukuta chikhatho pabuluku.

"Adadi, mukufuna kuthamanga mawa kapena ayi?"

"Si za ine. Nkhosa..."

"Ndikufunsa inuyo."

Kuseri kwa firiji mbewa zinkakanda. Ina inagwera m'ndowa, chubwi.

"Ndikufuna," anatero a Merv, maso pansi.

"Ndiye gwirani nyanga. Zonse ziwiri. Musasiye ngakhale nyumba ipse."

Anagwira. Manja awo anali aakulu, ong'aluka, guluu wouma ali m'zikhadabo. Tegan analowetsa mpeni paliwombo n'kutsika nawo. Katoni inalira, kwee, ikudula manambala a pensulo pakati. A Merv anatsinzina. Mpeni utafika m'khosi, mutu unayasama. Nyanga ya kumanzere inalefuka, msoko wa patsaya unayamba kumasuka.

"Kwezani! Kumanzere!"

"Ndakweza!"

"Kumanzere kwa Nkhosa, osati kwanu!"

"Inu a Merv, mbali ya mwendo umene mumatsimphinawo!" anakuwa a Raelene.

Nyanga inaima. Mpata unali pamenepo, wa zala zitatu. Tsopano chigamba. Katoni sikanathandiza apa, pankafunika chinthu chofewa, chotamuka, choti makutu adutse. Tegan anayang'ana uku ndi uku. Ndowa, ndowa, ndowa. Kenako chikwama chake. Pansi pake anamangirirapo kamphasa ka siponji, kobiriwira, kothetheka m'mphepete. Anagonapo pasimenti ku Darwin, m'makhonde a anzake, m'mabwalo a ndege. Kulikonse kumene anapita, kanali bedi lake. Anakatambasula patebulo n'kudula pakati penipeni.

"Ugona pa chiyani?" anafunsa a Merv.

"Gwirani nyanga."

Kamfuti kake kosungunulira guluu kanatentha. Tegan anamata, kukanikiza, kuwerenga mumtima, kumatanso. Guluu anamudonthera pachala. Anatukwana. A Merv anatsegula maso.

"Mawu amenewo unawaphunzira kuti?"

"Kwa inu. Tsiku lomwe munagwetsa firiji pamasitepe."

"Unali wamng'ono."

"Ndinali ndi makutu."

Anamanga nthiti ziwiri za katoni m'kati, kuchokera nyanga ina kufika inzake. Anauza bambo ake asiye pang'onopang'ono. Nyanga ya kumanja inakhala. Ya kumanzere inatsika pang'ono, n'kuima, ngati ikuganiza. Kumbuyo kwa mutu kunali mzere wobiriwira, woonekera patali.

"Penti sagwira pa siponji imeneyi," anatero Tegan. "Pafunika ubweya." Kenako anatembenukira kwa a Raelene. "Anti, chikopa chija cha pampando..."

"Iii, ayi. Chimenecho ndiye ayi. Chikopa chimenecho ndi cha malemu amuna anga."

"Malemu anali ndi ubweya chonchija?" anatero a Merv.

Kansalu kopukutira mbale kanawapeza pakhosi. Koma a Raelene anatuluka, akung'ung'udza, ndipo anabwera nacho atachikumbatira. Anachidula okha. Ankati wina asachikhudze ndi lumo.

Ubweya unakwirira chigamba, unakwera paliwombo, n'kutsikira pamphumi. Tegan anapaka penti yoyera pamphuno, yakuda kukamwa. Zilembo za mowa zinazimirira. A Merv anatulutsa mabatani awiri m'thumba la malaya, maso a Nkhosa yakale, n'kuwaika patebulo. Tegan anali atabwera ndi maso ena, agalasi, okongola. Anawasiya m'chikwama.

"Mafuta odzola," anatero. "M'makutumo."

A Raelene anawapaka ngati akudzoza nkhuku yootcha. Mutu unatsika. Unafika pa makutu. Unaima. Siponji inatamuka. Kenako, phwe, unalowa.

Nkhosa inaima pakati pa ndowa, nkhope yotakata kuposa mmene Tegan anajambulira, diso lina likuyang'ana kukhomo, lina kufiriji, nyanga imodzi yogwa.

"Mukuona, adadi?"

Sanayankhe. Nkhosa siyankhula. Inatembenuza mutu pang'onopang'ono. Inapalasa pansi ndi phazi, kamodzi, kawiri. Inaweramitsa nyanga. Kenako inathamangira firiji, ikutsimphina, mimba ikugwedera, n'kuima chala chimodzi isanagunde. Inagwedeza matako. Inatembenukira kwa a Raelene, iwo n'kuthawira kuseri kwa tebulo akukuwa, "Choka, chinyama iwe, undigwetsera ketulo!"

Tegan anaima ndi burashi m'manja. Munthu uyu sankamudziwa. Uyu si uja wa m'lesitilanti, woyang'ana mbale. Ankafuna kuseka. Anangoti, "Nyangayo, samalani nyangayo."

Malo osafika mbewa m'nyumba monse anali amodzi. Mutu unagona pabedi, pakati penipeni, atawufunditsa nsalu. A Merv ndi Tegan anagona pamipando, mapazi pa makreti.

Kunacha ndi chisanu. Udzu unali mbee. Kumsewu magalimoto anali atayamba kale kundandalikana, nsalu za timu zikulendewera m'mawindo. A Raelene anabwera ndi pikiapu, kumbuyo kutadzaza masoseji ndi chiketulo cha tiyi.

Tegan anayesa nyanga ya kumanzere ndi chala. Inagwedera.

"Msewu wa ku Coolbara ndi wotani?"

"Mabampu okhaokha," anatero a Raelene. "Masiku onse ndimauponya m'thumba kumbuyoku."

"Mutuwu ukafika nyanga ili payokha. Wina aunyamule pamiyendo, dzanja lili apa. Adadi, mukhale kutsogolo, muugwire chonchi."

A Merv anabwerera m'mbuyo ngati awapatsa njoka.

"Ine? Tauni yonse ikuona? Ine ndimakwera basi ya timu. Ndimanyamula madzi."

"Adadi, aliyense akudziwa."

"Akudziwa chiyani?" anatero a Raelene, nkhope ili gwa.

A Merv anatenga zigubu zawo za madzi. Pageti anaima. Anayang'ana chikwama cha Tegan, chopanda kamphasa, chili pakhonde.

"Basi yako imaima pankhokwe paja. Usachedwe. Dalaivala wake sadikira." Anakanda pulasitala wa kukhutu. "Wagwira ntchito."

Anapita, akutsimphina, zigubu zikugundana.

Tegan anayang'ana mutu. Anayang'ana msewu. Kutali, kupitirira minda, nyali za basi ya ku tauni zinali zitayamba kuoneka. Anagwira thumba la buluku. Tikiti inali momwemo.

"Anti, ku Coolbara kumadutsa basi?"

"Lachiwiri."

"Lachiwiri!"

"Ngati dalaivala sanadwale."

Tegan anatukwananso, chapansipansi. Anaponya chikwama pamwamba pa masoseji. Anakwera. Mpando unali wozizira, pulasitiki yokhayokha. A Raelene anamuika Nkhosa pamiyendo, iye n'kulowetsa dzanja pansi pa nyanga.

Pankhokwe anakumana ndi basi ija. Inaima, chitseko chinatseguka, panalibe wokwera, chinatsekeka. Bambo wina wa chipewa chachikulu, ali pa pikiapu yake, anasuzumira n'kuimba mluzu.

"Raelene! Nkhosa yanenepa chaka chino!"

"Yadya mbewa! Yenda, ukutitsekera njira!"

Phula linatha. Mabampu anayamba. Bondo la Tegan linayamba kugwedera, nyanga nayo n'kumagwedera.

"Mwendowo, mwanawe," anatero a Raelene.

Tegan anaponda pansi mwamphamvu. Bondo linakhala phee. Kutsogolo, m'fumbi, basi ya timu inkapita.